Kanema wa Ofuna Minda pa Khoma la Tchalitchi ku Chawama

Munthu amene sadakhalepo pa benchi limodzi ndi anthu a ku Chawama, ku Kanyama kapena ku George pamene akuonera kanema, n'kovuta kuti amvetse msanga nkhani ya m'mutu uno, pakuti kumeneko kanema samuonera mwakachetechete monga amachitira m'nyumba za kanema za ku Manda Hill, kumene munthu akangotsokomola anzake amamucheukira. Kukomboni kanema amamutenga ngati mlandu umene wafika pabwalo la mfumu, ndipo aliyense ali ndi ufulu woikapo mlomo: wina amadzudzula, wina amachenjeza mnyamata wa pachinsalu kuti mdani ali kumbuyo kwake, wina amaomba m'manja woipa akagwa, ndipo akatuluka panja mlanduwo amapitiriza kuuzenga m'njira kufikira aliyense atalowa pakhomo pake.

Khalidwe limeneli si la dzulo. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la International Missionary Council, pothandizidwa ndi ndalama za Carnegie Corporation, lidayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ndipo galimoto yonyamula makina idayendera Tanganyika, Kenya, Uganda, Nyasaland ndi Northern Rhodesia, kuonetsa zithunzi zophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kasungidwe ka ndalama. Chotero kwa anthu ambiri a kumidzi kanema adafika atagwirana dzanja ndi a mishoni. Koma pamene mayi wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, kufufuza moyo wa anthu a pamgodi umene adaulemba m'buku lake la Copper Town la 1962, adapeza kuti chimene chidakola mitima ya anthu ndi kanema wa anyamata okwera pa akavalo, ndi kuti ngwazi iliyonse ya m'kanema wotereyu ankangoitcha Jack. Chingerezi cha m'mphuno cha ku America ambiri sankachimva, ndiponso boma la nthawi imeneyo linkadula zigawo zimene linkaganiza kuti siziyenera maso a munthu wakuda. Koma anthu ankasoka okha zigamba zotsalazo, nkhani n'kukhala yathunthu m'mitu mwao, ndipo tanthauzo lake linkakhala lao, osati la amene adaijambula. Zidzukulu za anthu onga amenewa ndizo zadzaza makomboni a Lusaka lero, ndipo luso lija sizidalitaye.

Kanema amene ndikufuna kunena ndi Love Comes Softly, amene adatuluka mu 2003 pa wailesi ya kanema ya Hallmark ku America. Adachokera m'buku la mayi wa ku Canada, Janette Oke, lotuluka mu 1979, ndipo amene adatsogolera kujambula ndi Michael Landon Jr., mwana wa Michael Landon uja adasewera ngati tate wa banja mu Little House on the Prairie kuyambira 1974. Nkhani yake ndi yaifupi. Mtsikana wina dzina lake Marty wafika ndi mwamuna wake m'chigwa cha kumadzulo kwa America pa ngolo, kudzafuna malo oti amangepo ndi kulimapo. Koma asanaimike ngakhale mzati umodzi, mwamunayo wagwa pa kavalo ndi kufa. Nyengo yachisanu ili pafupi, ndalama yobwererera kwao palibe, ndipo mkaziyo ali ndi pakati. Pamenepo mlimi wina wofedwa mkazi, Clark Davis, amene ali ndi kamwana kakakazi kotchedwa Missie, amuuza kuti amange ukwati wapamaso pa anthu chabe, iye asamukire m'kachipinda kena, Marty alere mwanayo kufikira chisanu chitatha, ndipo pamenepo adzamulipirira ulendo wobwerera kwao. Zotsalazo munthu aliyense angathe kuzilota yekha.

Madzulo ena a mwezi wa June, kukuzizira monga kumazizirira ku Lusaka nyengo imeneyo, ndidaonera kanemayu m'tchalitchi china cha ku Chawama, kumene amayi a Chigwirizano adakonza zoti mabanja abwere ndi ana ao. Adakhoma nsalu yoyera ya pabedi pa khoma la kutsogolo ndi misomali inayi, makina oonetsera adawaika pa tebulo la chopereka, ndipo popeza magetsi adali atazima chiyambire masana, kajenereta kankalira kuseri kwa zenera. Mphunzitsi wina wachinyamata adaimirira pambali pa nsaluyo kumasulira m'Chinyanja, ndipo pena ankaiwala ntchito yake, n'kumangoyang'ana kukamwa kuli yasa, kufikira amayi a kumbuyo atamukumbutsa kuti, "Aphunzitsi, wati chiyani?"

Choyamba chimene chidasautsa anthu sindidachiyembekezere. Ine ndinkayesa kuti adzazizwa ndi chisanu choyera ngati ufa chokwirira dziko lonse, kapena ndi kukula kwa chigwa chopanda malire; koma chimene chidawakhudza ndi kuchepa kwa anthu pamaliro. Munthu wa ku Chawama amadziwa maliro monga amadziwira chikhatho chake: mipando ya m'nyumba amaitulutsa panja, amayi amakhala pamphasa m'kati akuimba usiku wonse, abambo amaotha moto wa zitsa pansi pa tenti, mbale ya chipepeso imayenda khomo ndi khomo, wina thumba la ufa, wina kabichi, wina makala, ndipo tsiku loika, malole amadzaza mpaka anyamata kulendewera m'mbali popita ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Tsono poona kagulu kochepa kataimirira pamanda, kenaka n'kubalalika aliyense kunka ku ntchito yake, namfedwa n'kutsala yekha, mudamveka kung'ung'udza m'tchalitchi monse, ndipo gogo wina adafunsa mokweza kuti kodi mwana ameneyu alibe abale, alibe atsibweni, alibe ngakhale azakhali oti amugwire pamapewa. Kwa iwo umphawi weniweni wa m'kanemayu udali umenewo, kusowa anthu, ndipo njala ndi chisanu adaziyesa zazing'ono.

Ukwati uja utamangidwa dothi la pamanda lisanaume, anthu adagawikana pawiri, ndipo mkangano wake udapitirira kanema atatha. Amayi achikulire ochokera ku Katete ndi ku Chadiza adati zimenezi n'zosayenera m'pang'ono pomwe, pakuti mkazi wofedwa amayenera kulira, kumeta, kudikira nthawi yake, ndi kusudzulidwa ndi akuchimuna pamaso pa ankhoswe, asanayang'ane mwamuna wina. Ndipo wina adaonjeza kuti kwao mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi monga mkamwini, kotero kuti mkazi wolowa m'nyumba ya mwamuna wachilendo popanda mbale wake ndi mmodzi yemwe womuperekeza, wadziika pakamwa pa mkango. Koma amayi ena, makamaka amene adafedwa amuna mumzinda momwemuno, adaona zina. Iwo adaona mwamuna amene wapatsa mkazi wamasiye denga ndi chakudya osafuna thupi lake kukhala malipiro, natuluka m'chipinda chake chomwe kukagona kozizira. Ndipo mmodzi wa iwo, mayi wogulitsa tomato pamsika, adanena mawu ochepa amene adatontholetsa onse, kuti iye tsiku loika mwamuna wake abale a malemuwo adanyamula bedi, wailesi ndi makina osokera, ndipo panalibe Clark aliyense amene adabwera. Tiyenera kukumbukira kuti kulanda katundu wa amasiye kudafika poipa kwambiri m'Zambia kotero kuti mu 1989 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Intestate Succession Act, limene limati munthu akafa osasiya kalata yogawira chuma, pa magawo 100 alionse ana atenge 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene ankadalira malemuyo 10. Lamulo lilipo, koma mayi wa tomato uja makina ake osokera sadabwerere. Ine pamkangano umenewu ndidaima ndi amasiyewo, ngakhale ndimalemekeza mwambo wa kusudzula, pakuti mwambowo udaikidwa kuti uteteze wofedwa, ndipo pamene oyenera kuusunga asanduka afisi, sitingadzudzule mkazi amene wathawira kwa mlendo wachifundo. Abusa nawo adakumbutsa anthu za Rute wa ku Moabu m'munda wa Boazi, ndipo ambiri adagwedeza mitu.

Panali zinanso zimene zidakondweretsa onse popanda kutsutsana. Pamene Marty, mwana wa m'tauni wodziwa mabuku koma wosadziwa mphika, ankalimbana ndi nkhuku kuti aiphe, ana adaseka mpaka kugwa pa mabenchi, ndipo atsikana a zaka khumi amene amadula khosi la nkhuku osaphethira adadziona kuti ndi akatswiri. Pamene adasoka diresi la Missie kuchokera ku chovala chake chomwe, amayi adaomba m'manja, wina nati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ndidaona kuti m'chipindamo mudali amayi ambiri amene akulera ana a abale ao omwalira, monga zilili m'nyumba zambiri za m'makomboni chiyambire zaka zija matenda a Edzi adasesa achinyamata. Koma chimene amayi adachitama koposa ndi kuona mwamuna wamkulu, wamphamvu zake, akupita yekha kukapemphera paphiri popanda mkazi womukoka dzanja, ndi kuonanso kuti khola lake litapsa ndi moto sadatukwane Mulungu kapena kufunafuna amene wamulodza. Zambia idalengezedwa kuti ndi dziko la Chikhristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba pa 29 December 1991, ndipo mawuwo adalowa m'chiyambi cha malamulo a dziko mu 1996. Komabe aliyense amene amalowa m'matchalitchi a m'makomboni Lamulungu m'mawa amadziwa kuti mabenchi a amayi ndiwo amadzaza. Abambo ochepa amene adalipo usiku umenewo adangoti zii, maso ali pansalu.

Tsopano ndifike pa chimene chidandichititsa kulemba mutu uno. Kanema atatha, jenereta itazimitsidwa, anthu akuyatsa matochi a m'mafoni kufunafuna nsapato za ana, mkulu wina wa mpingo, wa imvi mutu wonse, amene adabadwira kufupi ndi Chipata nthawi imene inkatchedwa Fort Jameson, adaimitsa mphunzitsi uja namufunsa modekha kuti, "Mwanawe, kodi dziko lonse lija adalipeza lopanda mwini?" Mphunzitsiyo adayankha kuti m'kanemamo sadanene. Mkuluyo adati iye wakondwera nawo anthu aja, ndi opemphera, ndi olimbika. Koma mawu oyenera kuwatchula nawo m'chinenero chathu alipo, ndipo ndi atsamunda.

Mkuluyo sadalakwe. Pa 20 May 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln adasaina lamulo la Homestead Act, limene linkalola munthu kutenga maekala 160, ndiwo pafupifupi mahekitala 65, ndipo akamangapo nyumba, kulimapo ndi kukhalapo zaka zisanu, malowo ankakhala ake kotheratu atangolipira kandalama kochepa ka kalembera. Mwa njira imeneyi maekala okwana ngati 270 miliyoni adagawidwa. Koma dziko limenelo lidali la mitundu ya anthu imene idakhalamo kuyambira kale, monga a Lakota, a Cheyenne, a Pawnee ndi a Osage, amene adachotsedwa ndi mapangano osasungidwa ndiponso ndi mfuti. Banja lenileni la Laura Ingalls Wilder, amene adalemba buku la Little House on the Prairie lotuluka mu 1935, lidamanga nyumba yake ya mitengo cha m'ma 1869 pafupi ndi Independence ku Kansas, pa malo amene panthawiyo adali a anthu a mtundu wa Osage, lopanda chilolezo chilichonse. Ndipo mu 2018 bungwe la oyang'anira nyumba za mabuku a ana ku America lidachotsa dzina la mayiyu pa mphotho imene inkatchedwa ndi dzina lake, chifukwa cha mmene mabuku ake amanenera za eni dziko ndi za anthu akuda. Akuluakulu adati mlandu suola.

Mkulu wa mpingo uja sadawerenge zimenezi m'buku. Adazidziwa chifukwa zidachitikira makolo ake. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa kumayambiriro kwa 1898, ndipo Nsingo mwana wake ataphedwa, kampani ya North Charterland Exploration idatenga dziko lalikulu la kum'mawa, nkugulitsa minda yachonde kwa Azungu olima fodya, pamene Achewa, Angoni ndi Ansenga adapanikizidwa m'malo osungirako anthu akuda amene adadulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, kumene nthaka idaguga msanga chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Boma lidagula dziko la kampaniyo mu 1941 ndi kubwezako ena, koma pofika nthawi imeneyo anyamata ambiri adali atazolowera kale njira ya ku Salisbury, ku Joni, ku migodi ya mkuwa ndi ku Lusaka. Munthu wotere akaona ngolo ya Mzungu ikuima pachigwa chokongola, mwini wake natambasula manja kuyamika Mulungu, sangalephere kukumbukira munda wamphesa wa Naboti.

Komatu nkhaniyi ili ndi mbali ina, ndipo ndi imene imachititsa kuti anthu a m'makomboni aukonde kanemayu ngakhale akudziwa zonsezi. Iwo eni ake ndi anthu amene adafika pamalo ndi mtolo pamutu, nayamba kumanga pamene panalibe nyumba. Lusaka, amene adakhala likulu mu 1935, adakonzedwa ngati mzinda wa Azungu, munthu wakuda n'kumayesedwa mlendo wodzagwira ntchito ndi chitupa m'thumba, woyenera kubwerera kumudzi ntchito ikatha. Nyumba za boma monga za ku Matero, zomangidwa m'zaka za m'ma 1950, sizidakwanire ngakhale pang'ono. Tsono anthu ankapempha malo m'mafamu, m'migodi ya miyala ndi m'misasa ya makampani omanga nyumba, ndipo n'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero ali ndi maina a eni malo kapena a makampaniwo, monga John Laing ndi John Howard. George adatenga dzina kwa George Hadjipetrou, amene adali ndi malo kumeneko, ndipo Chawama kale ankatchedwa komboni ya Roberts. Ufulu utabwera pa 24 October 1964, zoletsa kuyenda zitatha, anthu adakhamukira mumzinda, naumba njerwa zadothi, nafolera ndi zidutswa za malata ndi migolo yophwanya, natsendereza denga ndi miyala kuti mphepo ya August isalitenge, nakumba zitsime m'nthaka ya miyala, namanga tchalitchi chaudzu sukulu isanabwere. Mtendere udatsegulidwa mu 1967 kuti anthu, makamaka ochokera ku Kalingalinga, apatsidwe mapuloti ndi kumanga okha. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa mayi woponda dothi la njerwa ku George mwana ali kumbuyo, ndi Marty wotunga madzi ku mtsinje ali ndi pakati?

Kusiyana kwake kuli pa pepala. Mlimi wa ku America, atapirira zaka zisanu, ankalandira chikalata chakuti maekala 160 ndi ake ndi a zidzukulu zake. Womanga wa ku George ndi ku Chawama, amene sadalande dziko la mtundu wina aliyense koma adamanga m'dziko la kubadwa kwake, adatchedwa wokhala pamalo popanda chilolezo, nagona zaka zambiri khutu lili kunja kumvetsera ngati zigalimoto zogumula nyumba zikubwera. Mpaka mu 1974 ndi pamene lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act lidavomereza kuti makomboni otere akhoza kukonzedwa m'malo mogumulidwa, ndipo ndi ngongole ya World Bank mipopi ya madzi ndi misewu zidalowa ku George, ku Chawama, ku Chaisa ndi ku Chipata komboni. Ndipo chimene wokhalamo adalandira ndi chilolezo chokhala pamalopo zaka 30, pa kachidutswa ka nthaka kokwana nyumba, chimbudzi ndi mzere umodzi wa repu. Ena adamanga m'malo otsika a ku Kanyama kumene madzi sakhala ndi kopita, ndipo adaona chigumula cha 1978 ndi kolera wa 2017 ndi 2018. Walira mvula walira matope, koma iwo sadalire mvula, adangofuna pogona pafupi ndi ntchito.

Chotero anthu amene adakhala pa mabenchi aja usiku umenewo adadziona kawiri m'kanema mmodzi. Adadziona mwa Clark ndi Marty, omanga ndi manja ao, oika akufa ao m'dziko lachilendo, olera ana a ena, opempha Mulungu kuti denga lisagwe; ndipo adadzionanso mwa anthu amene nkhaniyo sidawatchule, amene mapazi ao adali atapondaponda kale chigwa chija ngolo isanafike. Ine ndikuyesa kuti amene adajambula kanemayu ankafuna kuti oonera atuluke ndi mtima wofewa pa za chikondi ndi chikhulupiriro, ndipo zimenezo zidachitikadi, pakuti ndidaona amayi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje pamene Clark adathamangitsa kavalo kutsatira ngolo imene idatenga Marty. Koma oonera a ku Chawama, monga makolo ao a ku Luanshya, adasokererapo chigamba chimene eni kanema adachisiya, ndipo ndikhulupirira kuti adauona mokwanira kuposa ambiri a kwao kumene udachokera.

Potuluka ndidaperekeza gogo uja adafunsa za atsibweni, popeza njira yathu idali imodzi ndipo mdima udali wandiweyani. Tidadutsa pakati pa mipanda ya mabuloko, tikulambalala ngalande ndi milu ya miyala yoswa imene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu, iye akundifotokozera kuti adafika ku Chawama ali mtsikana, mwamuna wake akugwira ntchito yoswa miyala, ndi kuti chipinda choyamba adachimanga awiriwiri Loweruka ndi Lamulungu masana atachoka ku mapemphero. Titafika pakhomo pake adandiuza kuti ndidikire, nalowa, natuluka ndi kandulo ndi Buku Lopatulika lakuda lothetheka m'mphepete. Pakati pa masamba ake adasololamo pepala lopindidwa kanayi, lofiirira ndi ukalamba, lokhala ndi chidindo cha khonsolo, chilolezo chake cha zaka 30 chija, ndipo adandipempha kuti ndimuwerengere tsiku limene lidalembedwapo, chifukwa maso ake sakuonanso zilembo zazing'ono, ndipo mdzukulu wake adamuuza kuti zakazo zidatha kale.